Doko silimveka ukaliona lokha

Ambiri amaganiza kuti ntchito yathu yotsogolera alendo okaona malo ndi kuloweza zaka n'kumazilakatula. Zaka aliyense amazipeza pa foni. Mlendo amatilipira kuti timuonetse chifukwa chake tauni inamera pamene ilipo, ndiponso kuti timubwezere m'sitima isanamusiye.

Ilala, yomwe inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951, si sitima ya alendo okhaokha ngati zikuluzikulu za ku Mediterranean. Imanyamula matumba a chimanga, usipa ndi malata, ndipo anthu a ku Usisya ndi Ruarwe amaidalira kwambiri. Ndiye nthawi yoima imadalira katundu. Wodziwa ntchito amayang'ana mulu wa matumba, amafunsa ogwira ntchito m'sitimamo, n'kudziwa ngati gulu lake lingakafike ku tchalitchi cha St Peter's pa Likoma, chomwe anayamba kumanga mu 1903, n'kubwerako nthawi yabwino. Pomwe palibe doko lomangidwa mumatsika pa boti, mwina madzi n'kulekeza m'mawondo. Izi timanena munthu asanagule tikiti.

Kwathu ndi ku Chitipa, kopanda nyanja, ndipo n'chifukwa chake ndikafika padoko ndimayamba ndafunsa kuti njira yochokera kumtunda inkalowera pati. Ku Nkhotakota alendo amathamangira mkuyu womwe Livingstone anakumanirana ndi Jumbe. Koma taunijo inakula chifukwa cha minyanga ndi akapolo ochokera kumadzulo, omwe ankawolotsedwa pa zombo ulendo wa ku Kilwa. Mlendo akapanda kumva zimenezi, waona mtengo chabe.

Karonga nayo ndi chimodzimodzi. Mu 1881 injiniya James Stewart anayamba kulambula msewu wa Stevenson wolumikiza nyanja yathu ndi ya Tanganyika, kudutsa dera lomwe lero ndi Chitipa, kumene atsamunda anadzakutcha Fort Hill. Zidutswa za sitima ya amishonale yotchedwa Good News zinakwera mapiri a m'njirayi pa mitu ya amtengatenga. Malinga a Mlozi, wamalonda a akapolo yemwe anagonjetsedwa mu 1895, anali pafupi ndi njira yomweyi, ndipo nkhondo yake ndi kampani ya African Lakes inakhudza kwambiri za yemwe adzalamulire malonda odutsamo. Zimandiwawa kuti amtengatenga aja satchulidwa kawirikawiri, choncho ine ndimawatchula pa ulendo uliwonse.

Mlendo wotsikira pa Chilumba ndimamulangiza kuti asabwerere pomwepo. Agone ku Karonga, aone nyumba yosungiramo zinthu zakale yomwe inatsegulidwa mu 2004 pamodzi ndi manda a asilikali a nkhondo ya 1914, kenako akwere makilomita pafupifupi 100 kufika pa boma la Chitipa. Inu akwathu, yambirani ulendo womwewu kumtunda kuno, ndipo tengani ana asukulu. Kalasi yotsika mtengo ya Ilala imaima m'madoko omwewo amene alendo a m'zipinda zapamwamba amatsikamo.