Oimba Anayi Opanda Wowatsogolera

Kale ku Ulaya kunali nyimbo zimene sizinkaimbidwa m'tchalitchi kapena m'maholo akuluakulu, koma m'zipinda za nyumba za mafumu ndi anthu achuma. N'chifukwa chake mpaka lero zimatchedwa nyimbo za m'chipinda. Pa timagulu tonse toimba nyimbo zoterezi, kotchuka kwambiri ndi ka anthu anayi oliza zida za nsambo, komwe dzina lake ndi kwateti, ndipo nyimbo imene amaliza imatchedwanso kwateti.

Zida zake ndi mavayolini awiri, viola ndi chelo. Chilichonse chili ndi nsambo zinayi, ndipo amachiliza ndi kauta ngati mmene amalizira kaligo. Mavayolini amatulutsa mawu okwera, viola yomwe ndi yokulirapo imatenga mawu apakati, pamene chelo ndiye besi. Woliza chelo amakhala pampando, chidacho atachiimika pakati pa miyendo.

Amene anakhazikitsa kaimbidwe kameneka ndi Joseph Haydn wa ku Austria, yemwe anabadwa mu 1732. Iye anatumikira banja lolemera la Esterházy kwa zaka pafupifupi 30, ndipo anapeka makwateti 68. Poyamba vayolini yoyamba inkasenza nyimbo yonse, zida zinazo n'kumangoperekeza. Koma m'makwateti ake a mu 1772 ndi 1781, Haydn anagawa ntchitoyo mofanana. Vayolini ikayambitsa kachigawo ka nyimbo, chelo imayankha, viola n'kukatembenuza, vayolini yachiwiri n'kukabweza kumene kanachokera. Wopeka nyimbo wina, Mozart, anachita nawo chidwi kwambiri moti mu 1785 anatulutsa makwateti 6 polemekeza Haydn.

Chikhalireni, opeka nyimbo akhala akutula zakukhosi kwawo mu kwateti. Beethoven anapeka 16, ndipo omaliza anawalemba mu 1825 ndi 1826 atagontha kale makutu. Dmitri Shostakovich wa ku Russia analemba kwateti yake yachi 8 mu 1960 atakaona mzinda wa Dresden, umene unaphwasulidwa ndi mabomba, ndipo anaipereka kwa anthu amene anazunzika ndi nkhondo.

Kulemera kwa nyimbozi kwagona pa kumverana. Pagulu lalikulu la oimba pamakhala munthu woima kutsogolo ndi kandodo, ndipo mavayolini ambirimbiri amaimba mawu amodzi. Mu kwateti mulibe wotsogolera wotere. Anayiwo amayambira pamodzi poyang'anana ndi pomva mpweya umene mnzawo wakoka. Aliyense ali ndi mawu akeake, choncho akaphonya palibe pobisala, ndipo akakweza mopitirira amamiza anzake. Luso lenileni ndi kudziwa nthawi yoonekera ndi nthawi yopatsa mpata mnzako.

Mukapeza kwateti pa wailesi kapena pa intaneti, musathamangire vayolini yokha ayi. Tcherani khutu ku chelo kuchokera poyamba mpaka pamapeto, kenako bwerezani nyimboyo mukutsata viola. Mukatero mudzamva kuti anayiwo akukambirana, ndipo aliyense ali nazo zonena.