Mwana wotseka makutu kutchalitchi

Mayi wina anandifunsa chifukwa chimene mwana wawo sayankhira akaitanidwa, chonsecho kwaya ikangoyamba kuimba amatseka makutu n'kumalira. Inenso kale ana oterewa ndinkawayesa amwano.

Madokotala amati zimenezi zikhoza kukhala autism. Ubongo wa mwana umakula mosiyana ndi wa anzake, ndipo zizindikiro nthawi zambiri zimaoneka asanakwanitse zaka zitatu. Kwa ambiri zimakhala ngati wailesi yogwira masiteshoni onse nthawi imodzi: ng'oma, nsapato, mawu a amayi, zonse zikumveka pamodzi. N'chifukwa chake amatseka makutu. Ambiri amakakamiranso kapu yomweyo, mpando womwewo, mukasintha, kulira.

Wotopa ndi mayi. Saona tulo, apongozi nawo ali "mwana analodzedwa ameneyu." Koma autism si ufiti, sibwera ndi katemera, ndipo mankhwala ochiza palibe. Mwana wotere pitani naye kuchipatala akamuyeze makutu ndi kakulidwe. Kumuphunzitsa kulankhula akadali wamng'ono kumathandiza kwambiri.