Kutsegula m'mimba kwa nkhuku: mankhwala amodzi sachiza zonse

CHIRADZULU – M'midzi ya kwa Mfumu Yaikulu Kadewere m'boma la Chiradzulu, monganso m'madera ena m'dziko muno, nkhuku ikayamba kutsegula m'mimba mwini wake kawirikawiri amathamangira pamsika kukagula makapisozi n'kusungunulira m'madzi omwera. Nthawi zina nkhukuyo imachira, koma nthawi zambiri khola lonse limatha, ndalama zitapita kale.

Izi zimachitika kaamba koti kutsegula m'mimba si nthenda payokha koma chizindikiro cha matenda angapo, ndipo nthenda iliyonse ili ndi njira yakeyake yothana nayo. Mankhwala a nyongolotsi sachiza kamwazi wa anapiye, ndipo chitopa sichimva mankhwala aliwonse.

Nkhaniyi si yaing'ono m'boma la Chiradzulu, lomwe pa kalembera wa m'chaka cha 2018 linapezeka ndi anthu oposa 350,000 pa malo osafika makilomita 800 m'litali kuchulukitsa ndi m'lifupi. Pomwe malo odyetsera ng'ombe ndi ochepa chonchi, nkhuku ndiyo chuma chomwe banja limagulitsa mwachangu pofuna ndalama ya kuchigayo, ya makope a ana asukulu kapena yoyendera popita kuchipatala. Kuthithikana kwa nyumba kumachititsanso kuti nkhuku za mabanja ambiri zizidya malo amodzi, kotero kuti nthenda ikalowa pakhomo limodzi imafalikira mudzi wonse.

Chinthu choyamba chomwe mlimi ayenera kuchita asanagule mankhwala ndicho kuyang'ana zitosi, msinkhu wa nkhuku zomwe zadwala komanso liwiro lomwe nthendayo ikuyendera.

Si chitosi chofewa chilichonse chomwe chimasonyeza matenda. Nkhuku yabwinobwino imatulutsa mwa apo ndi apo chitosi chofewa, chakhofi komanso chonunkha kwambiri. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala nkhuku zimamwa madzi ambiri ndipo zitosi zimakhala zamadzimadzi. Madeya ochita nkhungu nawonso amatsegula nkhuku m'mimba. Ngati nkhuku ikudya ndi kuyenda mwachangamu, chofunika ndi madzi oyera, mthunzi ndi chakudya chouma bwino basi.

Zikakhala kuti zitosi ndi zobiriwira, nkhuku zikuwodzera, kugwetsa mapiko ngati zavala jekete, kupuma movutikira, kupinda khosi ndi kufa zambiri m'masiku ochepa, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, ndiye kuti mwina chitopa chalowa. Nthendayi imayamba ndi kachirombo ka mtundu wa vairasi, ndipo palibe kapisozi kapena jekeseni yemwe amachiza. Chitopa chimavuta kwambiri m'nyengo yadzuwa ndipo chimatha kupulula pafupifupi nkhuku zonse zosalandira katemera.

Chitetezo chake ndi katemera. Katemera wa I-2, yemwe anayambira pa sukulu yaukachenjede ya Queensland m'dziko la Australia ndipo amapangidwanso ku Central Veterinary Laboratory mumzinda wa Lilongwe, amapirira kutentha kuposa akatemera ena ndipo amaperekedwa podontheza dontho limodzi m'diso la nkhuku. Amayenera kubwerezedwa miyezi inayi iliyonse, kutanthauza katatu pachaka. Katemera amateteza nkhuku yomwe isanadwale, ndipo mphamvu yake imayamba pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Kuthamangira katemera nkhuku zitayamba kale kufa kumangochititsa anthu kuganiza kuti katemerayo ndiye wapha nkhuku.

Zitosi zamagazi, makamaka kwa anapiye a masabata 3 mpaka 6, zimasonyeza nthenda ya kokisidiyosisi, yomwe ndi kamwazi wa nkhuku. Tizirombo take timalowa m'khoma la matumbo n'kuswana momwemo, kenako timatuluka ndi zitosi. Tikagwera pamalo ofunda ndi achinyontho timakhwima m'tsiku limodzi kapena awiri, n'kulowanso mwa mwanapiye yemwe wajompha pamalopo. N'chifukwa chake nthendayi imakula m'nyengo yamvula komanso m'makola momwe madzi omwera amatayikira pansi.

Mwanapiye wodwala kamwazi amazyolika, nthenga zake zimanyankhalala ndipo amasiya kudya. Nthendayi imachizika ndi amprolium kapena mankhwala a gulu la sulfa, omwe amasungunulidwa m'madzi omwera kwa masiku omwe alembedwa papaketi. Khola lonse liyenera kulandira mankhwalawo nthawi imodzi, ndipo zoyala zonyowa zichotsedwe tsiku lomwelo.

Mfundoyi ikukhudza kwambiri nkhuku za Mikolongwe, zakuda zija za mtundu wa Black Australorp, zomwe zinatenga dzina la famu ya boma ya ziweto ya Mikolongwe m'boma lomweli la Chiradzulu. Kwa zaka zoposa 50 boma lakhala likugwiritsa ntchito nkhukuzi pofuna kutukula nkhuku zachikuda, ndipo mwa ndondomeko yake zimafika kwa mlimi zili ndi masabata pafupifupi 6. Nkhuku yoleredwa m'khola ikangotayiridwa pabwalo la m'mudzi imakumana ndi tizirombo tomwe thupi lake silinazolowere, choncho masabata oyambawo imafunika malo ouma ndi diso la mwini wake.

Nyongolotsi, zomwe ena amazitchula njoka za m'mimba, sizipha msanga ngati chitopa koma zimadya phindu la mlimi mwakachetechete. Nkhuku imadya koma sinenepa, fupa la pachifuwa limaonekera, lipombo limatuwa, mazira amachepa ndipo kutsegula m'mimba kumabwera ndi kupita. Nthawi zina nyongolotsizo zimaoneka m'zitosi kapena m'matumbo a nkhuku yophedwa.

Nyongolotsi zobulungira zazikulu zimatalika mpaka masentimita 10 kapena kuposerapo, ndipo mazira ake amakhala amoyo m'dothi kwa miyezi yambiri. Zina ndi zaphanthiphanthi ngati lamba, ndipo izi zimalowa mwa nkhuku ikadya nyerere, ntchentche, nkhono kapena tizirombo tina tomwe tanyamula mazira ake.

Kusiyanitsa mitunduyi n'kofunika pogula mankhwala. Piperazine amapha nyongolotsi zobulungira zazikulu zokha. Levamisole ndi fenbendazole amapha mitundu yambiri ya zobulungira, pomwe zaphanthiphanthi zimafuna mankhwala ena omwe mlangizi wa ziweto ayenera kusankha. Mankhwalawa amabwerezedwa pakatha masabata awiri kapena atatu kuti aphe nyongolotsi zomwe zinali zisanakhwime. Kumwetsa nkhuku mankhwala kumayambiriro ndi kumapeto kwa dzinja kumachepetsa vutoli, koma ngati khola silisesedwa nyongolotsi zimabwerera.

Zitosi zoyera zomata kumbuyo kwa anapiye ongoswedwa kumene, kapena zachikasu kwa nkhuku zazikulu, zimatha kuchokera ku mabakiteriya a mtundu wa Salmonella. Apa mpomwe mankhwala opha mabakiteriya amathandiza, koma nkhuku yochira imatha kusungabe tizirombo n'kupatsira anapiye kudzera m'mazira, choncho siyenera kusungidwa ngati mbewu.

Mchitidwe wopatsa nkhuku makapisozi a anthu uli ndi vuto lina loposa kutaya ndalama. Mlingo wosakwanira umazoloweretsa tizirombo mankhwala, ndipo tizirombo totere tikalowa mwa munthu mankhwala a kuchipatala amalephera kugwira ntchito. Pozindikira vutoli, boma linakonza ndondomeko ya zaka za 2017 mpaka 2022 yolimbana ndi kupima kwa tizirombo, yomwe inakhudza umoyo wa anthu ndi wa ziweto. Mankhwala ambiri a ziweto alinso ndi masiku olembedwa papaketi omwe mazira ndi nyama siziyenera kudyedwa kapena kugulitsidwa.

Alimi ena amagwiritsa ntchito masamba a nimu, tsabola kapena njere za papaya. Zoterezi sizilowa m'malo mwa katemera ndipo siziletsa chitopa.

Nkhuku ikadwala, kaya ndi nthenda iti, iyenera kupatulidwa ndi kupatsidwa madzi oyera nthawi zonse, pakuti kutha kwa madzi m'thupi kumafulumizitsa imfa. Yakufa iwotchedwe kapena ikwiriridwe mozama. Kuthamangira kukagulitsa nkhuku pamsika zinzake zitayamba kufa ndi njira imodzi yomwe chitopa chimadumphira kuchoka mudzi wina kupita wina. Nkhuku zikamafa zambiri mwadzidzidzi, nkhaniyo ikanenedwe msanga kwa alangizi a ziweto ku ofesi ya zaulimi ya m'dera, monga ya Thumbwe, Mombezi kapena Mbulumbuzi, pakuti zizindikiro za chitopa zimafanana ndi za chimfine cha mbalame.

Adindo omwe amagula nkhuku zogawira magulu a m'midzi pa ntchito za chitukuko ali ndi udindo wapadera pankhaniyi. Nkhuku zotere ziyenera kulandira katemera ndi mankhwala a nyongolotsi zisanagawidwe, kenako zisungidwe pazokha kwa masabata awiri zisanasakanizidwe ndi za m'mudzi. Ndalama ya katemera wobwereza, ya mankhwala ndi ya mayendedwe a mlangizi iyenera kulowa m'bajeti yomweyo yogulira nkhukuzo. Kupanda kutero, nkhuku zobwera kudzathandiza banja zimatha kufa pamodzi ndi zomwe banjalo linali nazo kale.