Kutuma Makina: Nchito ya Woyang'anira M'masiku Ano

Lero tikamba za nchito imene ena a inu mudzaigwira mukadzakula, ndi za makina atsopano amene ayamba kuisintha.

Tiyambe ndi ulalo wa Kazungula, umene uli pa mtsinje wa Zambezi pakati pa dziko lathu ndi Botswana. Anayamba kuumanga m'caka ca 2014, nautsegula m'mwezi wa May 2021. Utali wake ndi mamita 923, ndipo anaumanga mokhota kuti usalowe m'malire a Zimbabwe ndi Namibia. Nchito yotere, imene iri ndi tsiku loyambira, tsiku lothera ndi ndalama zowerengeka, ichedwa pulojekiti. Kumanga cipinda cimodzi ca sukulu ndi pulojekitinso, ngakhale ndi yaing'ono. Pa nchito iliyonse yotere pamakhala munthu amene sanyamula fosholo kapena njerwa, koma ndiye aonetsetsa kuti simenti yafika amisiri asanafike, kuti ndalama zikwanira, ndi kuti nchito ithe pa tsiku lake. M'Cingerezi amamucha project manager. Ife timuche woyang'anira nchito.

Munthu ameneyu amataya nthawi yambiri ndi mapepala. Alemba ndondomeko ya nchito, makalata, malipoti ndi zimene zakambidwa pa misonkhano. Zaka zoposa 100 zapitazo Henry Gantt, injiniya wa ku America, anachukitsa njira yojambula nchito zonse pa pepala limodzi, nchito iliyonse ndi mzera wake wosonyeza masiku amene idzatenga, ndipo njirayi ikali kugwiritsidwa nchito. Wodziwa kukonza bwino mapepala otere anali kulemekezedwa ndithu.

Tsono pa 30 November 2022 kampani ya OpenAI ya ku San Francisco inatulutsa ChatGPT, ndipo enanso monga Gemini, Copilot ndi Claude anatsatira. Awa ndi makina a pa kompyuta ndi pa foni, a mtundu wochedwa AI, amene munthu awalembera mau, iwo namuyankha ndi mau. Anaphunzitsidwa ndi zolembedwa zocuruka koposa zimene munthu angawerenge m'moyo wake wonse, ndipo poyankha asankha liu ndi liu, monga mwa zimene zimatsatana kawirikawiri m'zolembedwazo. Mukawapempha ndondomeko yomangira sukulu, aipereka madzi a tiyi asanawire. Pamenepo eni nchito ena anayamba kufunsa kuti: nanga woyang'anira tizimulipiriranji?

Tisanayankhe, ganizani za tsiku limene munatumidwa ku sitolo. Atate anati, "Kagule misomali." Munathamanga, munagula, koma pobwera anakubwezani cifukwa anafuna misomali ya malata, inu munabweretsa ya matabwa. Wolakwa ndani? Miyendo inacita nchito yake; cimene cinapelewera ndi mau a wotuma. Makina aja ali ngati mthenga waliwiro amene sanaponde m'mudzi mwanu. Mau amene munthu awatuma nao achedwa prompt m'Cingerezi, ndipo luso lowakonza ndilo mutu wathu lero.

Tiyerekeze kuti sukulu ina ya kumudzi ku Eastern Province ifuna kumanga zipinda ziwiri. Woyang'anira woyamba alemba kuti, "Ndipangire ndondomeko yomangira zipinda ziwiri za sukulu." Makina amupatsa pepala looneka bwino, la mitu ndi manambala, loyenera sukulu ya m'tauni imene lole ifika tsiku lililonse. Waciwiri alemba motalika. Anena kuti nchito iyamba mu August, ndipo denga liyenera kukhomedwa mvula ya November isanagwe. Anena kuti njerwa aziumba ndi kuziocha makolo, amene mvula ikayamba onse apita ku minda. Kuti mseu udutsa pa dambo pamene lole imatitimira. Kuti madzi atungidwa pa mjigo umodzi umene mudzi wonse umwapo. Kuti ndalama zibwera m'magawo atatu. Pomaliza aonjeza kuti, "Usanayambe kulemba, undifunse zimene sizikumveka, ndipo undionetse pamene nchito ingacedwe."

Makina ndi amodzimodzi, koma yankho laciwiri lidzakhala la phindu. Mwina lidzamulangiza kututa mcenga ndi malata mseu ukali wouma, ndi kusagula simenti yonse nthawi imodzi popeza imauma m'matumba ikagwidwa ndi cinyontho. Tsopano taonani bwino, ana inu. Kodi woyang'anira waciwiriyu anapambana cifukwa ca Cingerezi cozuna kapena mau ena acinsinsi? Iai. Anapambana cifukwa adziwa dambo lija, adziwa nyengo ya kulima, adziwa makolo. Cimene analemba m'makina ndi cimene anaciona ndi maso ake. Munthu wosadziwa nchito sangathe kufunsa bwino za nchitoyo, pakuti sadziwa ngakhale cimene waiwala kuchula.

Luso limeneli liri ndi mbali yaciwiri, ndiyo kupima yankho. Makina awa nthawi zina apeka zinthu, ndipo azinena mosakayika monga zoona. M'caka ca 2023 woweruza wa khoti lina ku New York analipiritsa maloya awiri ndi kampani yao madola 5,000, cifukwa anapereka kukhoti pepala lochula milandu yakale imene ChatGPT inangopeka, iwo osayamba afufuza. Makina sanaitanidwe kukayankha mlandu. Anaitanidwa ndi anthu amene anasaina. Cimodzimodzi pa sukulu yathu ija: makina akaphonya ciwerengero ca matumba a simenti, kapena akaiwala kuti konkire ifuna kuthiriridwa madzi masiku angapo kuti ilimbe, khoma likang'ambika makolo adzafunsa woyang'anira.

Nanga mtengo wa woyang'anira wakwera kapena watsika? Kunena zoona, zadalira kuti anali woyang'anira wotani. Amene nchito yake yonse inali kukopera malipoti ndi kukongoletsa mapepala ali pa vuto, pakuti cimene anali kugulitsa tsopano cipezeka mosavuta. Amene adziwa nchito, nadziwanso kutuma makina ndi kuwaongolera, atha kutsiriza m'mawa umodzi mapepala amene kale anamutengera masiku, ndipo nthawi yotsalayo aithera pamalo pomangapo. Mwini nchito wanzeru adzafuna munthu wotere.

Komabe ine sindikhulupirira kuti luso lotuma makina pa lokha lidzalemeretsa munthu kwa nthawi yaitali. M'caka ca 2023 makampani ena a ku America analengeza malo a nchito a anthu odziwa kukonza prompt, nalonjeza malipiro akulu. Koma makina akunka namvetsa mau wamba, ndipo anthu odziwa kuwatuma akucuruka. Kale munthu anali kulembedwa nchito cifukwa cokha codziwa kutaipa. Lero aliyense wa mu ofesi ataipa yekha. Luso latsopanoli likuoneka kuti lidzatsata njira yomweyo, ndipo woyang'anira wosalidziwa adzatsalira, koma wolidziwa sadzaombedwa m'manja cifukwa ca ilo lokha.

Pali zinanso zimene sizilowa m'makina konse. Kukagwada kwa mfumu kupempha malo okumbapo mcenga, kuyanjanitsa amisiri awiri amene ayambana, kuuza akulu a komiti mopanda mantha kuti ndalama sizikwanira: izi zifuna munthu wa nkhope yodziwika. Woyang'anira ayeneranso kusamala cimene alemba m'makina, cifukwa mau ake apita ku makompyuta a kampani ina. Maina a anchito ndi malipiro ao si zinthu zoponya kulikonse.

Aphunzitsi, phunziro ili silifuna kompyuta. Wailesi ikatsekedwa, gawani ana awiriawiri. Woyamba ajambule pa pepala munda wa sukulu monga afuna kuti ukhale, ndi mizere ya ndiwo, njira ndi poika madzi, osaonetsa mnzake. Kenaka alembe malangizo m'ziganizo zisanu. Waciwiri akhale makina: ajambule zokhazo zimene zalembedwa, osafunsa kanthu. Akatha, ayerekeze zithunzi ziwirizo, ndipo woyamba alembenso malangizo ake, kuonjeza zimene anasiya. Acite kaciwiri, koma tsopano waciwiri aloledwe kufunsa mafunso atatu asanayambe kujambula. Ana a Giredi 7 alembe pa bolodi mafunso amene anathandiza koposa, ndipo muwasunge kufikira phunziro la sabata la mawa.