Mutu 9: Mankhwala Ochepetsa Njala

M'chaka cha 1997, madokotala a pa chipatala cha Mayo Clinic ku America anadabwa ndi amayi 24 amene sanadwalepo mtima chibadwire. Tizitseko ta m'mitima yawo, timene madokotala amati mavalavu, tinali titakhuthala n'kumakanika kutseka bwino, moti magazi ankabwerera kumene achokera. Onsewo ankamwa mapiritsi awiri pamodzi pofuna kuwonda, fenfluramine ndi phentermine, amene anthu ankangowatchula kuti fen-phen. Pofika mwezi wa Sepitembala chaka chomwecho, fenfluramine ndi m'bale wake dexfenfluramine anali atachotsedwa pamsika. Mu 1999 kampani ya American Home Products inavomera kupereka chipukuta misozi cha madola 3.75 biliyoni, ndipo milandu sinathere pomwepo.

Musaganize kuti mapiritsiwa anali abodza. Ankagwira ntchito, anthu ankawondadi, masiketi akale ankakwananso. Pagona nkhani ndi pamenepa: sikelo imayankha mwezi usanathe, koma mtima umayankha patapita zaka. Choncho pofananitsa mankhwala amtunduwu, kufunsa kuti amachotsa makilogalamu angati n'kuyambira pakati. Funso loyamba n'lakuti anayesedwa pa anthu angati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo mitima ya anthuwo inatani.

Fen-phen sanagwe yekha. Sibutramine, amene ankagulitsidwa m'dzina la Reductil kapena Meridia, analetsedwa mu 2010 kafukufuku wa anthu pafupifupi 10,000 atasonyeza kuti amawonjezera ndi 16 peresenti chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko kwa anthu amene mitima yawo inali kale ndi vuto. Rimonabant anangokhala zaka ziwiri ku Ulaya, kuyambira 2006 mpaka 2008. Ankathetsa njala koma ena ankagwa mphwayi ndi moyo mpaka kufuna kudzipha. Lorcaserin anachotsedwa mu 2020 chifukwa cha khansa. Ku France, Mediator anagulitsidwa zaka zoposa 30 mpaka 2009, ndipo panafunika khama la dokotala wa mapapo wa mumzinda wa Brest, Irène Frachon, kuti akuluakulu amve zoti anthu akufa nawo.

Nanga otsalawo? Tiyambe ndi wamkulu wa onse. Phentermine anavomerezedwa ku America mu 1959, ndipo anapulumuka pa mlandu wa 1997 chifukwa wowononga mavalavu anali mnzake uja. Abale athu okhala ku Johannesburg ndi ku Cape Town amamudziwa m'dzina la Duromine. Ndi wa banja la amphetamine, ndipo amagwira ntchito pouza ubongo kuti kuli ngozi. Munthu amene akuthamangitsidwa ndi galu saganiza za nsima; mankhwalawa amasunga thupi mumkhalidwe woterowo tsiku lonse. Mayi wameza kapisozi m'mawa. Masana anzake akumatula makontena a mpunga, iye akungomwa madzi, m'kamwa muli gwa. Madzulo wapakulira ana, yekha wangonyema mbamu kawiri n'kusamba m'manja. Kenaka usiku wonse maso ali tong'o kudenga, mtima ukugunda ngati wakwera chitunda, mawa lake akupsa mtima ndi aliyense. Ndiye phentermine ameneyo. N'chifukwa chake amaperekedwa kwa milungu yowerengeka, kawirikawiri yosapitirira 12, ndipo saloledwa kwa wodwala mtima, wa BP yosatsika, wa chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso, woyembekezera, kapena amene anakodwapo mu mankhwala ozunguza bongo. Ubwino wake ndi mtengo wotsika. Kuipa kwake n'kwakuti kunenepa si matenda a milungu 12, ndipo mpaka lero sanayesedwe pa anthu masauzande ambiri kwa zaka zingapo monga anachitira ndi mankhwala atsopano.

Mu 2012 anamuphatikiza ndi topiramate, mankhwala a khunyu, n'kutulutsa Qsymia. Awiriwa pamodzi amachotsa pafupifupi makilogalamu 10 pa 100 alionse pa chaka. Zala zimachita dzanzi, zakumwa zoziziritsa kukhosi zimasintha kukoma, ena amaiwalaiwala mawu. Choopsa kwambiri chili kwa mwana wa m'mimba: topiramate amatha kuchititsa kuti abadwe ndi mlomo wong'ambika, motero mayi amayezedwa kaye ngati ali ndi pakati ndipo amauzidwa kulera. Contrave, wa mu 2014, ndi msakanizo wa naltrexone ndi bupropion. Amachotsa makilogalamu 5 kapena 6 pa 100, amabweretsa nseru, amatha kukweza BP, ndipo wa khunyu kapena womwa mankhwala amphamvu opha ululu monga morphine ndi tramadol asawayandikire. Orlistat amatchulidwa limodzi ndi amenewa koma sakhudza njala. Amangotchinga gawo limodzi mwa magawo atatu a mafuta kuti asalowe m'thupi. Mafutawo amatulukira kumene mukuganizako, nthawi zina osagogoda, ndipo wokonda chipisi cha pachiwaya amaphunzira msanga.

Majakisoni amene atchuka masiku ano anadzera njira ina. M'malo moopseza ubongo, amatsanzira homoni ya m'matumbo yotchedwa GLP-1, imene imatuluka munthu akadya n'kukauza ubongo kuti mimba yakhuta. Ya m'thupi imatha pa mphindi zochepa chabe. Mu 1992 dokotala wa ku New York, John Eng, analengeza kuti wapeza chinthu chofanana nayo koma chokhalitsa mu ululu wa buluzi wina wa m'chipululu cha ku America wotchedwa Gila monster. Kuchokera apo kunabwera mankhwala a shuga, ndipo madokotala ataona odwala awo akuwonda, makampani anatsata phazi. Liraglutide, wobaya tsiku lililonse, anavomerezedwa kuti azichepetsa thupi mu 2014 ndipo amachotsa pafupifupi 8 peresenti. Semaglutide, wobaya kamodzi pa mlungu, ndi amene ali mu Ozempic wa odwala shuga ndi mu Wegovy wa mu 2021. Pa kafukufuku wa anthu 1,961, omwe anabayidwa kwa milungu 68 anatsika pafupifupi 15 peresenti, pamene obayidwa jakisoni wopanda mankhwala anatsika 2.4 peresenti yokha. Tirzepatide, amene amatsanzira mahomoni awiri, anafika pa 21 peresenti m'milungu 72. Kwa munthu wa makilogalamu 100, tinene kuti watula ndowa yodzaza madzi imene ankayenda nayo usana ndi usiku.

Koma chimene chimandichititsa ine kuika semaglutide patsogolo si sikelo. Mu 2023 munatuluka zotsatira za kafukufuku wa anthu 17,604 onenepa, odwala mtima koma opanda shuga, amene anatsatidwa kwa zaka zoposa zitatu. Kufa ndi mtima, kugwidwa mtima ndi sitiroko, zonse powerengera pamodzi, zinatsika ndi 20 peresenti. Mayeso amene anagwetsa sibutramine, ameneyu anakhoza.

Sikuti ndi ulere. Chakudya chimachedwa kuchoka m'mimba, ndiye nseru, kusanza, kutsegula m'mimba kapena kudzimbidwa zimagwira anthu ambiri, makamaka pamene mlingo ukukwezedwa. Ena amapanga miyala m'ndulu, owerengeka amatupa kapamba, ndipo kupweteka kwa m'mimba kolasa kumsana n'kofunika kuthamangira nako kuchipatala. Pa makoswe mankhwalawa anayambitsa zotupa za chithokomiro, choncho a m'banja limene muli khansa ya chithokomiro ya mtundu wa medullary saloledwa. Thupi likamatsika, minofu nayo imapita, osati mafuta okha. Mayi wofuna kutenga pakati amasiya semaglutide kutatsala miyezi iwiri, ndipo tirzepatide amatha kufooketsa mapiritsi olerera. Chinanso chimene otsatsa sakonda kunena: amene anasiya semaglutide anabweza magawo awiri mwa atatu a thupi limene anataya chaka chisanathe. Ali ngati mankhwala a BP, ukasiya vuto limabwerera. Tsono werengerani mtengo wa mwezi uliwonse kwa zaka, muwonjezerepo furiji yosungiramo ndi magetsi athu aja.

Kumene kuli mtengo wokwera kumabweranso akathyali. Mu 2023 anthu angapo ku Austria anagonekedwa m'chipatala shuga wawo atatsikiratu, chifukwa majakisoni achinyengo olembedwa Ozempic anali ndi insulin m'kati. Mu Juni 2024 bungwe la WHO linachenjeza za semaglutide wabodza wopezeka ku Brazil, Britain ndi America. Ngati achinyengo anadutsa m'mayiko amenewo, jakisoni wobwera m'chikwama cha pa basi, wotentha ndi dzuwa la pa Mwanza, mungamukhulupirire bwanji?

Mankhwala onsewa anapangidwira munthu amene BMI yake, muyeso woyerekeza kulemera kwa thupi ndi msinkhu, yafika 30, kapena 27 ngati ali ndi shuga, BP kapena vuto lina lobwera ndi kunenepa. Sanapangidwire wofuna kukwana mu diresi ya ukwati wa Loweruka. Ndipo pali amodzi amene sadutsa n'komwe kwa dokotala: matiyi, makhofi ndi makapisozi ochepetsa thupi olembedwa kuti ndi azitsamba zokhazokha. Mabungwe oyeza mankhwala m'mayiko ambiri akhala akupeza sibutramine wobisidwa m'zinthu zoterezi, yemwe uja analetsedwa mu 2010. Masamba wamba sangakusowetseni njala tsiku lonse. Ngati mwamwa tiyi wotere ndipo njala yathawa, m'kamwa mwauma, tulo tasowa, mtima ukuthamanga, musamwenso. Pitani mukayezetse BP, ndipo paketi yakeyo muitenge mukaonetse adokotala kapena a ku famase.