"System ili down": kodi n'ciani cimacitika kuseli kwa foni yanu?

Ni 17:30 pa Kulima Tower. Mwaima pa mzele wa ka booth kuti mucotseko ya basi, ndiye mtsikana wa m'kati akuyang'anani n'kunena mau aja tonse tinawazolowela: "System ili down, bosi." Kondakita naye za system sadziwako, afuna cabe ndalama yake.

System imeneyi si mphepo iyai. Ni makompyuta akulu-akulu ochedwa maseva, amene amakhala m'zipinda zozizila, oyaka usana ndi usiku. Ndalama ikacoka mu foni yanu kupita kwa ambuya ku Petauke, imapitila mmenemo.

Masiku ano seva imodzi sigwila nchito imodzi cabe. Ganizilani landilodi wa ku Matero amene wagawa nyumba yake m'zipinda zisanu. Aliyense ali ndi citseko cake na loko wake, koma mtenje ni umodzi, mita ya malaiti ni imodzi. Ndiye mmene virtual machine ilili: kompyuta yopangidwa ndi pulogalamu, yokhala mkati mwa kompyuta yeniyeni. Cipinda cimodzi cikasokonezeka, zinazo zipitiliza. Koma malaiti akapita ndipo jenileta yakana kulila, onse ali mu mdima. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, tinaona tokha cimene mdima umatanthauza.

Nanga mapulogalamu amalowa bwanji m'zipinda zimenezi? Amabwela omangidwa mu package. Zili monga amai akakutumani ku Soweto Market na kapepala: kapenta, tomato, anyezi, saladi. Mukaiwala cimodzi, ndiwo sizipsa. Package imanyamula pulogalamu pamodzi na mndandanda wa zonse zimene ifunikila kuti iyende. Ubuntu, mtundu wa Linux umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004, umaika mapulogalamu ake mwa njila imeneyi, ndipo maseva ambili padziko amayendela pa Linux.

Vuto imabwela pa tsiku losintha zinthu. Pa Cisanu, 19 July 2024, nthawi ili ca m'ma 06:00 kuno kwathu, kampani ya ku America yoteteza makompyuta, CrowdStrike, inatumiza update yolakwika kwa makasitomala ake. Microsoft inati makompyuta a Windows pafupi-fupi 8.5 miliyoni anakhudzidwa. Ndeke masauzande sizinauluke, mabanki na zipatala m'maiko ambili zinavutika. Panalibe kawalala, panalibe kuba. Kafailo kamodzi cabe. Kampaniyo inabweza update ija pasanapite maola awili, koma makompyuta amene anali atagwa kale anafunika kukonzedwa imodzi-imodzi, ena kwa masiku.

Apa m'pamene pamaonekela nchito ya munthu amene simudzamuonapo, woyang'anila maseva. Wodziwa nchito yake saika cinthu catsopano pa seva ya anthu mwacindunji. Amayamba wapanga virtual machine yoyeselapo, n'kuona ngati zonse zili bwino. Asanasinthe yeniyeni, amasunga snapshot, cithunzi ca mmene makina alili pa nthawiyo, kuti zikavuta abwelele pamene anali. Pambuyo pake amasintha makina ocepa coyamba, osati onse nthawi imodzi. Makanika wanzelu akamanga mabuleki, amayamba wazungulila nayo basi ilibe anthu. CrowdStrike nayo inalonjeza kuti izitumiza ma update pang'ono-pang'ono.

Nchito imeneyi si ya kunja cabe. Lamulo la Data Protection Act la mu 2021 limafuna kuti nkhani za anthu zizisungidwa pa maseva a muno mu Zambia, kupatulako pamene lamulolo lalola. Maseva amenewo afuna anthu owasamala. Wacinyamata amene ali na laputopu angayambe lelo: VirtualBox ni yaulele, Ubuntu nayo ni yaulele, cimene alipila ni bundle. Angaononge virtual machine yake kakhumi, palibe ndalama ya munthu idzasowa. Ku BongoHive, imene inayamba mu 2011 muno mu Lusaka, n'kumene acinyamata ambili okonda zamakompyuta amakumana.

Manje tsiku lina mukamva kuti system ili down, osakalipila mtsikana wa mu booth. Iye alibe kiyi ya cipinda cija. Penapake pali munthu amene wasiya nsima pa thebulo, akulimbana kuti ibwele. Koma inu, sungankoni ka K20 m'thumba. Kondakita samayembekeza update.