Ngongole ya boma ndi ya yani?

"Si ine ndinasayina, adzabweza okha a ku Capital Hill." Amatero anyamata a kabaza ku Mtandire wailesi ikatchula za ngongole ya boma. N'zoona, palibe wa kuno amene anagwira cholembera. Koma boma lilibe munda wakewake. Limabweza ndi msonkho, ndipo msonkhowo uli kale mumtengo wa mayunitsi omwe mwagula pa okala m'mawa uno.

Ena amadzitonthoza kuti azungu adzakhululuka ngati kale. Zinachitikadi mu 2006, Bingu wa Mutharika ali mtsogoleri, Goodall Gondwe ali nduna ya zachuma: ngongole zambiri zakunja zinafafanizidwa. Koma zija zinali za World Bank, IMF ndi maiko olemera. Lero chigawo chachikulu boma linakongola konkuno, kumabanki ndi kumabungwe osunga ndalama za penshoni, pa chiwongoladzanja chokwera. Ndalamazo zili ndi eni ake. Kukhululuka ngongole yoteroyo n'kuuza bambo amene wakalambira pa ulonda ku Area 47 kuti zomwe ankamudula mwezi ndi mwezi zapita. Chiwongoladzanja chokhacho chimadya gawo lalikulu la misonkho mankhwala asanagulidwe n'komwe, ndipo boma limakongolanso kuti lilipire chomwecho. Amene analowapo m'katapila safunika kumufotokozera.

"Nanga osangosindikiza zina bwanji?" Ndalama zikachuluka matumba a chimanga ali omwewo, chimakwera ndi mtengo basi. K5,000 inatuluka mu 2022, chaka chomwe kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Pepala linakula, jumbo ya kumsika inapepuka.

Sikuti ngongole iliyonse ndi tsoka ayi. Bingu National Stadium, yomwe ili pafupi pompa, inamangidwa ndi ngongole ya ku China n'kutsegulidwa mu 2017. Kaya inali yofunika kuposa mipope ya madzi, tikhoza kukangana mpaka dzuwa kulowa, koma ilipo, mukhoza kuiloza. Yopweteka ndi yomwe imathera m'maalawansi ndi m'magalimoto a mabwana.

Kusiyiratu kukongola tsiku limodzi nakonso si mankhwala. Bajeti ya zero deficit ya 2011 inadza ndi misonkho yatsopano pomwe mafuta ankasowa kale, ndipo pa 20 Julaye anthu anafa m'misewu pa zionetsero. Lamba ayenera kumangidwa ndithu, nkhani ndi yakuti m'chiuno mwa yani. Mu 2023 Lazarus Chakwera, ali mtsogoleri, anaimitsa maulendo akunja a akuluakulu a boma n'kudula ndi theka mafuta a nduna. Zinali zoyenera, koma n'zochepa poyerekeza ndi zomwe zimatayika: pa Cashgate, mu 2013, ofufuza anapeza kuti K24 biliyoni ya boma inasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha.